Maulendo a pantchito asintha: mafunso ndi mayankho

Ndakhala zaka zambiri pa desiki yokonza maulendo a ogwira ntchito pakampani, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera. Ena amafunsa ndi mabwana osunga chikwama cha kampani, ena ndi oyendawo. Ndayankha monga ndikuonera ine, ndipo pena ndatalikitsa chifukwa nkhaniyo imandikhudza.

Kodi maulendo a pantchito anabwerera mwakale mliri wa Covid-19 utatha?

Ndalama zinabwerera, koma kayendedwe ayi. Bungwe la GBTA, lomwe limawerengetsa ndalama zimene makampani padziko lonse amagwiritsa ntchito pa maulendo, linapeza kuti mu 2019 zinali pafupifupi madola 1.4 thililiyoni. Mu 2020 zinatsika ndi kupitirira theka. Pofika 2024 zinali zitadutsanso za 2019, koma chiwerengerochi chisakunamizeni. Matikiti a ndege ndi zipinda za m'mahotela zinakwera mtengo, choncho ndalama zomwezo zikugula maulendo ochepa poyerekeza ndi kale.

Womwe unachepa kwambiri ndi ulendo uja wodzuka mbandakucha, kukwera ndege, kukakhala pa msonkhano wa maola awiri n'kubwerera usiku womwewo. Misonkhano ya pa intaneti ya Zoom ndi Teams inaumeza. Tsopano munthu akanyamuka amakhala masiku angapo, n'kuonana ndi makasitomala atatu kapena anayi pa ulendo umodzi. Pabadwanso mtundu wina wa ulendo womwe kale sunkawerengedwa kwenikweni: kusonkhanitsa anthu a kampani imodzi omwe amagwirira ntchito kunyumba m'mizinda yosiyanasiyana, kuti aonaneko maso ndi maso kawiri kapena katatu pa chaka.

Nanga ntchito ya woyang'anira maulendo yasintha pati?

Kale ntchito yonse inali kunenerera mitengo. Ma ejenti ogulitsa matikiti ankadya komishoni yochokera ku makampani a ndege, ndiye kampani yotumiza anthu inkaona ngati ikuthandizidwa ulere. Zimenezi zinayamba kutha mu 1995 pamene kampani ya ndege ya Delta inaika malire pa komishoni, ndipo mu 2002 makampani akuluakulu a ndege ku America anaithetseratu. Kuchokera apo ejenti amalipidwa ndi kampani yomwe akuitumikira, ndipo kampaniyo inayamba kufunsa kuti kodi ndalama yangayi ndikupindula nayo chiyani.

Lero mtengo wa tikiti ndi funso limodzi mwa ambiri. Bwana amafuna adziwe ngati ulendowo ndi wofunikadi. Amafuna adziwe kuti munthu wake ali kuti pa ola lino. Amafuna adziwe mpweya woipa umene ulendowo watulutsa, komanso ngati wantchito sakuphwanya malamulo a viza ndi a misonkho a dziko lomwe wapitalo. Pa zonsezi, kwa ine chachikulu ndi chachiwiricho. Ngati simukudziwa komwe munthu wanu ali, zinazo simungaziyankhe n'komwe.

Ndapeza tikiti yotchipa pa intaneti. N'chifukwa chiyani kampani ikundiletsa kugula ndekha?

Usiku wina foni yanga inalira cha m'ma 2 koloko. Anali injiniya wathu, mawu ali ziii ndi kutopa, ataima pa bwalo la ndege la dziko lachilendo pomwe ankayenera kusintha ndege. Ndege yoyamba inachedwa maola atatu, yachiwiri n'kumusiya. Ndinatsegula kompyuta kuti ndimupeze m'kaundula wathu, dzina lake osaoneka. Anali atagula yekha matikiti awiri osiyana pa tsamba lina chifukwa akaphatikiza ankatchipirapo. Kampani ya ndege yachiwiri inati iye sanabwere basi, tikiti yapsa. Yoyamba inati ntchito yake inathera pomwe inamutsitsa. Chikwama chake chinali chikuzungulira pa lamba wa katundu kuseri kwa odinda mapasipoti, komwe sakanadutsa opanda viza. Anagona pa benchi, jekete ali wofunda. M'mawa tinamugulira tikiti ina, ndipo mtengo wake unameza zonse zomwe anapulumutsa, n'kuluma ndi pa bajeti ya mwezi wotsatira.

Ulendo wonse ukanakhala pa tikiti imodzi, kampani ya ndege ikanamusamutsira pa ndege yotsatira popanda kulipira, chikwama n'kumutsata chokha. Ukanadutsa kwa ejenti wathu, wina akanaona kuchedwako iye akadali m'mwamba n'kumusungira mpando. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: tikiti yotchipitsitsa nthawi zambiri siisinthika, sibweza ndalama, ndipo ilibe chikwama.

Koma sindimuimba mlandu yekha mnyamatayo. Nthawi imeneyo, kuti ulendo uvomerezedwe kwathu pankafunika anthu atatu asayine, ndipo podikira siginecha yachitatu mtengo unkakhala utakwera. Munthu sadumpha mpanda chipata chili chotsegula. Makampani omwe azindikira zimenezi asiya kuopseza antchito awo, ayamba kufewetsa njira yawo: pulogalamu ya pafoni yogulira tikiti m'mphindi zochepa, malamulo olembedwa m'kati mwake momwemo, ndipo ulendo womwe uli m'malire a bajeti umadutsa wokha osadikira bwana.

Nanga bwanji mtengo wa pa tsamba la kampani ya ndege umasiyana ndi womwe ejenti akundiuza?

Apa ndi pomwe pali nkhondo yeniyeni, ngakhale oyenda ambiri saiona. Ma ejenti akhala akugula matikiti kudzera m'misika itatu ikuluikulu ya pa kompyuta: Amadeus, Sabre ndi Travelport. Sabre inayambitsidwa ndi American Airlines mothandizana ndi IBM m'zaka za m'ma 1960, ndipo Amadeus inakhazikitsidwa mu 1987 ndi Air France, Iberia, Lufthansa ndi SAS. Misika imeneyi imalipiritsa kampani ya ndege pa tikiti iliyonse yogulitsidwa, ndipo njira yake yakale imangotha kuonetsa mitengo yoikidwiratu m'magulu ochepa, gulu lililonse ndi chilembo chake.

Makampani a ndege anatopa nazo. Mu 2012 bungwe lawo la IATA linayambitsa njira yatsopano yotchedwa NDC, yomwe imalola kampani ya ndege kukonza yokha zomwe ikukugulitsani, mpando, chikwama, intaneti ya m'ndege, zonse pamodzi, pa mtengo womwe ungasinthe nthawi iliyonse. Pofuna kukankhira ma ejenti ku njira yatsopanoyi, Lufthansa inayamba mu 2015 kuwonjezera mayuro 16 pa tikiti iliyonse yogulidwa kudzera m'misika yakale ija. American Airlines inachita zoposa apa. Mu Epulo 2023 inachotsa pafupifupi 40 peresenti ya mitengo yake m'njira yakale. Ma ejenti ndi makampani anakwiya, ambiri n'kusamukira ku ndege zina, ndipo mu Meyi 2024 kampaniyo inavomera kuti inalakwitsa, mkulu wa zamalonda Vasu Raja n'kuchoka.

Kubwerera m'mbuyo kwa American sikukutanthauza kuti NDC yafa. Ikukula ndithu. Vuto lake lili pa zomwe zimachitika tikiti itagulidwa kale: kusintha tsiku, kubweza ndalama, kusunga tikiti yomwe sinagwire ntchito kuti idzagwire mtsogolo. Kwa ma ejenti ambiri zimenezi zikadali zovuta kuposa m'njira yakale. Mukamasankha ejenti, musangofunsa ngati ali ndi NDC, aliyense adzati eya. Mufunseni kuti ndi ndege ziti, ndipo akuonetseni pamaso panu mmene amasinthira tikiti yotereyi usiku, ofesi ya kampani ya ndege itatseka.

Tikumva kuti ma ejenti akuluakulu akugulana. Zikutikhudza?

Zikukukhudzani. American Express Global Business Travel inagula Egencia kuchokera ku Expedia mu 2021, kenako mu Malichi 2024 inalengeza kuti ikugula CWT, yomwe inali mdani wake wamkulu pa malonda, ndipo zinatheka mu 2025. Akuluakulu otsala ndi monga BCD Travel ndi FCM. Kumbali ina kwadzuka makampani obadwira pa intaneti monga Navan, yomwe kale inkatchedwa TripActions, ndi Perk, yomwe inayambira ku Barcelona ikutchedwa TravelPerk, omwe amaphatikiza kugula tikiti, khadi yolipirira ndi malisiti mu pulogalamu imodzi. Kampani yaikulu yokhala ndi maofesi m'maiko ambiri yatsala ndi osankha ochepa. Yaing'ono ili ndi osankha ambiri kuposa kale lonse.

Kampani ili ndi udindo wanji pa munthu amene yamutuma ulendo?

Udindo womwe ili nawo pa iye ali mu ofesi sumathera pa chipata. M'maiko ambiri malamulo a ntchito amati wolemba ntchito ayenera kusamala moyo ndi thanzi la wantchito kulikonse komwe wamutuma. Mu 2021 bungwe la miyezo ya padziko lonse la ISO linatulutsa ndondomeko ya ISO 31030 yofotokoza mmene kampani ingachitire zimenezi: kuunika zoopsa ulendo usanayambe, kumuuza woyenda zomwe akakumane nazo, kudziwa komwe ali, ndi kukhala ndi njira yomuthandizira zikavuta. Si lamulo, koma ndi muyeso womwe anthu angakuyezereni nawo tsiku la mavuto.

Anthu akamva zoopsa amaganiza za nkhondo ndi zigawenga, koma zomwe zimagwetsa anthu m'mavuto kawirikawiri n'zina. Mu Epulo 2010 phiri la Eyjafjallajökull ku Iceland linaphulika, phulusa lake n'kutseka mlengalenga mwa mbali yaikulu ya Ulaya kwa masiku pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo maulendo a ndege pafupifupi 100,000 analephereka. Pa 19 Julaye 2024 pulogalamu yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inazimitsa makompyuta mamiliyoni padziko lonse, Delta yokha n'kuimitsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku asanu. Pa 21 Malichi 2025 bwalo la Heathrow ku London linatsekedwa pafupifupi tsiku lonse chifukwa cha moto pa malo ogawira magetsi. Pa masiku ngati amenewa zipinda za m'hotela ndi mipando ya ndege zotsatira zimatha m'maola ochepa. Kampani yomwe ili ndi mndandanda wa anthu ake imayamba kuwasungira malo anzake akadali kuimbirana mafoni kufunsana kuti uje ananyamuka liti.

Palinso zoopsa zosachita phokoso, ndipo izi ndi zomwe zimandiwawa chifukwa n'zopeweka. Munthu watsika ndege ya usiku wonse asanagone, mwamupatsa galimoto ya hayala kuti ayendetse maola atatu m'dziko lomwe amayenda mbali ina ya msewu. Mayi wafika yekha pakati pa usiku, hotela yomwe mwamusankhira chifukwa chotchipa ili kutali, pakhomo palibe wolandira alendo. Wodwala shuga wanyamula mankhwala osadziwa ngati dziko lomwe akupita limawalola. Malamulo a maulendo omwe amangokamba za mtengo osatchula zimenezi ndi osakwanira.

Nkhani ya kusintha kwa nyengo ikulowa bwanji pa maulendo a pantchito?

Ndege zimatulutsa pakati pa 2 ndi 3 peresenti ya mpweya wa kaboni womwe anthu amatulutsa padziko lonse. Zikuoneka zochepa, koma kwa kampani yomwe ilibe fakitale, monga ya alangizi kapena owerengera ndalama, maulendo ndi gawo lalikulu la mpweya wake wonse. M'ndondomeko ya GHG Protocol, yomwe makampani ambiri amawerengera mpweya wawo, maulendo a pantchito ali ndi gulu lawolawo, la nambala 6 mu Scope 3, gawo la mpweya womwe kampani siitulutsa yokha mwachindunji, ndipo makasitomala akuluakulu ayamba kufunsa chiwerengerochi asanapereke kontilakiti.

Ena aika mtengo pa mpweyawo m'kati mwa kampani. Kampani ya inshuwalansi ya Swiss Re inayamba mu 2021 kudzilipiritsa madola 100 pa tani iliyonse ya kaboni, ndi cholinga chofika pa 200 mu 2030. Dipatimenti ikatumiza munthu pa ndege imaona ndalamayo ikuchoka pa bajeti yake, ndipo mkulu wa dipatimenti amayamba kudzifunsa ngati pafunikadi anthu anayi. Maboma nawo alowererapo. Mu Meyi 2023 France inaletsa ndege za m'dziko momwemo pa njira zomwe sitima yapamtunda imafika pasanathe maola awiri ndi theka, ngakhale zinangokhudza njira zitatu, kuchokera ku Paris Orly kupita ku Lyon, Nantes ndi Bordeaux. Maiko a mu European Union analamula kuti kuyambira 2025, 2 peresenti ya mafuta a ndege akhale osachokera pansi pa nthaka, kenako 6 peresenti mu 2030 ndi 70 peresenti mu 2050. Mafuta amenewa ndi odula kuposa wamba, ndipo mtengowo ukutsikira pa tikiti.

Mpando wa bizinesi pa ulendo wautali umawerengedwa kuti umatulutsa mpweya pafupifupi katatu kuposa mpando wamba, chifukwa umadya malo aakulu m'ndege. Mabwana ena akamva izi amathamangira kulamula kuti aliyense azikhala kumbuyo. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Ngati munthu akuuluka maola khumi ndi awiri usiku n'kukalowa mu msonkhano m'mawa mwake, musiyeni agone. Chepetsani chiwerengero cha maulendo ndi cha anthu opita, pamenepo ndi pomwe mpweya umatsikadi.

Ndingawonjezere masiku anga a tchuthi pa ulendo wa kampani, kapena kugwirako ntchito ndili kunjako?

Kuwonjezera Loweruka ndi Lamlungu makampani ambiri tsopano amalola, bola ndalama za masikuwo zikhale zanu. Funsani kokha ngati inshuwalansi ya kampani ikukutetezani pa masiku amenewo, chifukwa zina zimathera tsiku lomwe ntchito yatha.

Kugwira ntchito milungu ingapo muli dziko lina ndi nkhani ina. Chilolezo cha mlendo wa bizinesi chimalola misonkhano ndi kukambirana, osati kugwira ntchito yeniyeni. M'mapangano ambiri a misonkho pakati pa maiko muli malire a masiku 183 omwe munthu angakhale m'dziko lina asanayambe kukhomako msonkho pa malipiro ake, koma musadalire nambala imeneyi yokha. Ngati mumasayina makontilakiti m'dzina la kampani muli m'dzikolo, boma lake likhoza kunena kuti kampani yanu yakhazikika kumeneko ndipo iyenera kukhoma msonkho. Ku Ulaya, wantchito wotumidwa kuchokera dziko lina la European Union kupita lina amafunika kalata ya A1 yosonyeza komwe amalipira ndalama za penshoni ndi chithandizo, ngakhale pa ulendo waufupi.

Pa malire a maiko pasintha chiyani?

Chidindo cha mu pasipoti chikulowedwa m'malo ndi kompyuta. Kuyambira Januwale 2025, alendo ambiri omwe safuna viza polowa ku United Kingdom ayenera kutenga chilolezo cha pa intaneti chotchedwa ETA asananyamuke, ndipo mu Epulo chaka chomwecho lamuloli linafikanso kwa a ku Ulaya. Pa 12 Okutobala 2025 maiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen anayamba kujambula nkhope ndi zidindo za zala za alendo m'kaundula wa pa kompyuta wotchedwa EES. Lamulo loti mlendo asapitirire masiku 90 pa masiku 180 alionse ndi lakale, koma kale wapolisi ankachita kuwerenga zidindo ndi maso. Tsopano kompyuta ikuwerenga yokha, ndipo masiku a tchuthi chanu ndi a ntchito amaphatikizidwa pamodzi. Kampani yomwe imangolemba masiku a ntchito ikhoza kutumiza munthu yemwe masiku ake anatha kale.

Kwa omwe pasipoti yawo imafuna viza, nkhani ndi nthawi. Viza ya Schengen mungaipemphe kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, yankho limayenera kubwera m'masiku 15 koma likhoza kufika 45, ndipo kupeza tsiku lokapereka mapepala n'kumene kumachedwetsa. Bwana wokonza msonkhano wa anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana ayambe wafunsa za mapasipoti awo asanasankhe mzinda, apo ayi amene adzasowe pa tebulo ndi omwewo nthawi zonse.

Kodi ndiyenera kulipira ndi ndalama zanga kenako n'kudzabwezeredwa?

Siziyenera kutero, ndipo ndi chizolowezi chomwe ndikufuna chitatheratu. Kwa bwana wa malipiro ambiri, kulipira hotela ya masiku asanu n'kudikira mwezi si kanthu. Kwa wantchito wongoyamba kumene ndi ndalama ya lendi. Ndinaonapo mtsikana wina akutulutsa envelopu ya malisiti omwe anakhala m'thumba la chikwama milungu itatu, timapepala tija ta m'makina ta inki yosachedwa kufufutika, atatu ali mbee, osaoneka ngakhale tsiku. A ku akaunti anawakana. Iyeyo anangoti zikomo n'kutuluka, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti anachita kukongola kuti amalize mwezi. Anali atakongoza kampani ndalama zake popanda chiwongoladzanja, n'kuluzanso zina.

Njira zilipo. Matikiti a ndege amalipiridwa pa akaunti imodzi ya kampani. Hotela imalipiridwa ndi nambala ya khadi yopangidwira ulendo umodzi wokha, yokhala ndi malire a ndalama ndi masiku, yomwe imafa ulendo ukatha. Lisiti mumaijambula ndi foni pomwepo, pulogalamu n'kuwerenga yokha.  Chenjezo limodzi: nthawi zina wolandira alendo pa hotela sapeza kalata yololeza khadi ija, ndiye amapempha yanu. Nyamulani kalatayo pafoni, ndipo potuluka pemphani invoisi ya dzina la kampani, chifukwa popanda imeneyo msonkho wa VAT subwezedwa.

Mapointi a ndege ndi chipukutamisozi cha kuchedwa ndi za ndani?

Makampani ambiri amasiyira woyenda mapointi omwe makampani a ndege amapereka kwa okwera kawirikawiri, ngati chothokoza pa usiku womwe wagona kutali ndi banja lake. Koma si ufulu wobadwa nawo: khoti lalikulu la za ntchito ku Germany linagamula mu 2006 kuti wolemba ntchito akhoza kuwaitanitsa. Chipukutamisozi cha lamulo la ku Ulaya la EU261, cha mayuro 250 mpaka 600 ndege ikachedwa maola atatu kapena kuposa pa zifukwa za kampani ya ndege, chimaperekedwa kwa wokwerayo, osati wogula tikiti, pokhapokha mgwirizano wanu wa ntchito utanena zina.

Kodi AI, nzeru zopanga za kompyuta, ilowa m'malo mwa ejenti?

Pa ntchito zobwerezabwereza yalowa kale: kuwerenga malisiti, kuyang'ana ngati mtengo wa chipinda watsika n'kuchigulanso, kuchenjeza kuti ndege ichedwa. Koma ikalakwitsa mlandu umakhala wa mwini wake. Mu Febuluwale 2024 bwalo lina ku British Columbia linalamula Air Canada kulipira kasitomala yemwe anauzidwa zolakwika ndi pulogalamu yoyankha mafunso pa tsamba lake, ndipo linakana zoti pulogalamuyo imasenza yokha mlandu wa zonena zake. Bwalo la ndege likatsekedwa, anthu zikwizikwi akulimbirana mipando yochepa, ine ndimafunabe munthu wodziwa ntchito kumbali inayo ya foni.

Kampani yathu ndi yaing'ono, oyenda ndi anthu khumi okha. Tiyambire pati?

Lembani malamulo a maulendo pa tsamba limodzi, m'mawu omwe munthu angawerenge ataima pa mzere wokwerera ndege: amene amavomereza ulendo, malire a hotela, nthawi yoyenera kukwera sitima m'malo mwa ndege, ndi masiku omwe ndalama zimabwezedwa. Sankhani malo amodzi ogulira matikiti ndi zipinda, ndipo bwana wamkulu akhale woyamba kuwagwiritsa ntchito, chifukwa iye akamagula kwina aliyense adzatero. Gulani inshuwalansi yomwe imalipira chipatala ndi kunyamula wodwala kubwerera kwawo, ndipo werengani maiko omwe siigwirako ntchito. Sungani pamalo amodzi masiku othera a mapasipoti onse khumi, poti maiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Kenako perekani kwa aliyense nambala imodzi ya foni yoimba zikavuta, yolembedwanso pa kapepala koika m'chikwama cha m'thumba, chifukwa batire ya foni imatha. Musanaigawe, iimbeni nokha Lamlungu pakati pa usiku, mumve ngati wina ayankha komanso ngati angapeze dzina la munthu wanu m'kompyuta mwake.